Mtunda nawo umadya ndalama: tisagawire Chitipa powerenga mitu yokha

Chiyambireni kumveka nkhani yokweza ndalama za thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu (CDF) kufika pa K5 biliyoni pa dera lililonse la phungu, mkangano wakale wadzukanso pa wayilesi, m'maminibasi ndi pa Facebook. Anthu akufunsa ngati n'chilungamo kuti dera la anthu ochepa lizilandira ndalama zofanana ndi dera lomwe anthu adadzaza mpaka kusowa polima. Akafuna chitsanzo, ambiri amathamangira ku Chitipa, boma la kunsonga kwenikweni kwa dziko lino, nkumati kumeneko mapiri ndiwo adachuluka kuposa anthu. Maganizo anga ndi akuti kugawa ndalama za chitukuko ndi zoyendetsera zipatala, sukulu ndi ulangizi powerenga mitu ya anthu yokha n'kulakwitsa, ndipo boma ngati la Chitipa liyenera kulandira zochulukirapo pa munthu aliyense kuposa boma lomwe anthu adathinana. Chifukwa chake n'chakuti kufikitsa katemera, choko, feteleza kapena madzi kwa munthu mmodzi wa ku Nthalire, kumwera kwa Chitipa, kumadya ndalama zambiri kuposa kufikitsa zomwezo kwa munthu mmodzi wa ku Chiradzulu. Komabe ndalama yoonjezerayo isamabwere chifukwa phungu wakuwa kwambiri m'Nyumba ya Malamulo kapena chifukwa chisankho chayandikira. Iyenera kulembedwa poyera m'ndondomeko yogawira ndalama m'makhonsolo, kuti aliyense wodziwa masamu athe kuiwerengera yekha.

Tiyambe talidziwa bomalo, pakuti ambiri olikamba sanapondeko. Boma la Chitipa, lomwe atsamunda ankalitcha Fort Hill, lili ndi malo okwana masikweya kilomita pafupifupi 4,300. Kalembera wa 2018 adapezako anthu 234,927, kuchoka pa 178,904 mu 2008. Ndiye kuti pa sikweya kilomita imodzi pali anthu pafupifupi 55, pomwe dziko lonse, lomwe lidali ndi anthu 17,563,749, pali 186, ndipo ku Chiradzulu pali opitirira 460. Kumpoto malire ndi Tanzania ndi mtsinje wa Songwe, monga adapanganirana Angerezi ndi Ajeremani mu 1890. Kumadzulo kuli Zambia, ndipo malire amatsata msana wa mapiri, kuphatikizapo a Mafinga komwe mtsinje wa Luangwa umayambira. Chakum'mawa kuli mapiri a Misuku, kwawo kwa khofi ndi nthochi, komwe kulinso nkhalango zotetezedwa za Mughese, Wilindi ndi Matipa. Kumwera bomali limakathera pa chitunda cha Nyika. Likulu la boma lili chakumpoto, kotero munthu wa kwa Nthalire, kumwera, amayenda makilomita opitirira 100 kuti akafike kwa DC kapena kuchipatala chachikulu cha boma, pamsewu womwe mbali yaikulu ndi ya fumbi m'chilimwe ndi matope m'dzinja. Pakati pa mafumu aakulu a Kameme, Mwabulambya, Mwenemisuku, Mwenewenya ndi Nthalire mumamveka Chilambya, Chindali, Chisukwa, Chinyiha, Chinamwanga, Chitumbuka ndi zinenero zina, moti ngakhale uthenga wa katemera sungalengezedwe m'chinenero chimodzi nkukwanira. Msewu wa phula wochokera ku Karonga, wa makilomita pafupifupi 100, udamalizidwa ndi thandizo la China patatha zaka pafupifupi 50 dziko lino lilandirire ufulu.

Mfundo yoyamba ya otsutsa, yomwenso ndi yamphamvu kuposa zonse, ndi yakuti Mmalawi aliyense ndi wofanana ndi mnzake, choncho kwacha ya boma igawidwe mofanana pa mutu uliwonse. Iwo amati boma la Mangochi lokha lili ndi anthu opitirira 1.1 miliyoni, ndipo madera akumidzi a Lilongwe ali ndi opitirira 1.6 miliyoni. Kumeneko kalasi imodzi ya sitandade 1 imadzaza ana opitirira 100, ena akuphunzirira pansi pa mtengo, ndipo kuchipatala mzere umayamba kusanache. Ndalama iliyonse yoonjezera yopita ku Chitipa, iwo amatero, yachotsedwa pakamwa pa ana amenewa. Nkhawa imeneyi ndi yoona ndipo sindikuipeputsa. Koma cholakwika chake n'chakuti ikuyeza ndalama yomwe yatuluka ku Capital Hill m'malo moyeza thandizo lomwe lafika pakhomo pa munthu. Chomwe boma lidalonjeza nzika zake si kwacha yofanana, koma madzi, mankhwala ndi maphunziro ofanana, ndipo miyezo yake yomwe ikusonyeza zimenezi. Tione mjigo. Muyezo wa boma umati mjigo umodzi utumikire anthu 250 ndipo munthu asayende mtunda wopitirira mamita 500 kukatunga madzi. Mukazunguliza mjigo ndi chingwe cha mamita 500, malo omwe mwazinga ndi ochepera pang'ono sikweya kilomita imodzi. Ku Chiradzulu malo amenewo mumakhala anthu pafupifupi 365, ndiye kuti miyezo iwiriyo imakwaniritsidwa ndi mjigo umodzi kapena iwiri. Ku Chitipa malo omwewo mumakhala anthu pafupifupi 43. Ndikudziwa kuti anthu samwazikana mofanana ngati mbewu yofesa, amakhala m'midzi, ndipo mbali ina ya boma ndi nkhalango yopanda anthu. Ngakhale titachulukitsa kawiri nambala ya ku Chitipa chifukwa cha zimenezo, mjigo wake udzatumikirabe anthu osafika 100, chonsecho makina okumbira, mapaipi ndi pampu ya Afridev mtengo wake suchepa poti otunga ndi ochepa. Kumapiri komwe galimoto yokumba mijigo singakwere, madzi amabwera ndi mipopi yochokera ku akasupe, ndipo kumeneko mtengo umawerengedwa potsata kutalika kwa paipi.

Zaumoyo ndiye zimaonetsa bwino kwambiri. Mwa muyezo wa Unduna wa Zaumoyo, chipatala chaching'ono chimodzi chimayenera kutumikira anthu pafupifupi 10,000, ndipo mlangizi wa zaumoyo mmodzi anthu 1,000. Ku Chiradzulu anthu 10,000 amakhala pa malo a masikweya kilomita pafupifupi 22, kotero wakutali kwambiri amayenda makilomita osafika atatu. Ku Chitipa anthu omwewo amafuna malo a masikweya kilomita opitirira 180, ndipo wakutali amayenda makilomita pafupifupi 8 ngati njira ili yolunjika, chinthu chosatheka ku Misuku komwe njira imatsika kudambo nkukweranso phiri. Mayi wotaya magazi atangobereka akhoza kumwalira pasanathe maola awiri. N'chifukwa chake kudera lotere chidikiro n'chofunika kwambiri, ndipo mayi wakhala kuchidikiro milungu iwiri kapena itatu amafuna pogona, madzi, nkhuni ndi womudikirira, zomwe chipatala cha pafupi ndi tauni sichivutika nazo kwenikweni. Matenda akakula, wodwala wa ku Chitipa amatumizidwa kuchipatala chachikulu cha Mzuzu, ulendo wa makilomita opitirira 300 kudzera ku Karonga ndi chikweza cha Chiweta. Kupita ndi kubwera ndi makilomita pafupifupi 640, ndipo ambulansi ya Land Cruiser yoyenda makilomita 8 pa lita imamwa malita 80 a dizilo. Kuchoka ku Chiradzulu kupita ku Queen Elizabeth mu Blantyre n'kubwerako ndi makilomita pafupifupi 60, malita osafika 10. Wodwala ndi mmodzi uku ndi uku, koma mafuta akusiyana pafupifupi kakhumi. Pamenepo sitinawerenge matayala, masipuling'i ndi mabuleki omwe msewu wa fumbi umatha msanga, kapena kuti ambulansi ikapita ku Mzuzu yachoka tsiku lonse ndipo mayi wina wa ku Wenya alibe chomutengera. Katemera naye ayenera kusungidwa pakati pa madigiri 2 ndi 8. Mlangizi wopita kukachititsa sikelo kumudzi wa kutali amanyamula katemera m'kabokosi kozizira, ndipo botolo la katemera wa chikuku likatsegulidwa liyenera kutha pasanathe maola 6. Kumene ana obwera kusikelo ndi atatu, wotsalayo amatayidwa. Mukapatsa mabomawa ndalama yofanana pa mutu, mwezi usanathe ku Chitipa ambulansi imaima ndipo abale a wodwala amauzidwa kuti asonkhe ya mafuta.

Kusukulu nkhani ndi yomweyo ngakhale imabisika. Muyezo umati mphunzitsi mmodzi pa ana 60. Sukulu ya ana 480 imalandira aphunzitsi 8, mmodzi pa kalasi iliyonse kuyambira sitandade 1 mpaka 8, ndipo masamu amayenda bwino. Koma sukulu ya kumapiri ya ana 200, mwa muyezo womwewo, ikuyenera aphunzitsi atatu okha, pomwe makalasi ake ndi 8 ndithu. Pa pepala sukuluyo ikuoneka ngati ili ndi aphunzitsi okwanira, koma pa nthawi iliyonse makalasi asanu akungokhala. Wina anganene kuti sukulu ziwiri zazing'ono ziphatikizidwe. Mwana wa zaka 6 sangayende makilomita 7 m'mawa nkuoloka mtsinje wodzaza mu February. Makolo amamusunga pakhomo mpaka atakwanitsa zaka 9, ndipo mtsikana woyamba sukulu mochedwa chotere amatha msinkhu asanafike sitandade 5. Otsutsa amakumbutsanso kuti maboma a kumpoto, Chitipa pamodzi, ali patsogolo pa nkhani yodziwa kulemba ndi kuwerenga poyerekeza ndi Mangochi kapena Machinga, ndiye bwanji kuonjezera kwa amene ali kale patsogolo? Yankho ndi lakuti umphawi ndi kutsalira m'maphunziro nazo ziyenera kukhala ndi gawo lake m'ndondomeko yogawira ndalama, ndipo gawo limenelo Mangochi alandire zochuluka. Kuwerengera mtunda sikufafaniza kuwerengera umphawi. Ndi miyezo iwiri yoyeza mavuto awiri osiyana, ndipo dziko lingathe kugwiritsa ntchito yonse.

Mfundo yachiwiri ndi yakuti Chitipa adalipidwa kale kudzera m'chiwerengero cha aphungu. Pa chisankho cha 2019 bomali lidali ndi madera asanu a aphungu, ndiye kuti phungu mmodzi pa anthu pafupifupi 47,000, pomwe dziko lonse, ndi aphungu 193, lidali ndi mmodzi pa anthu pafupifupi 91,000. Popeza CDF imaperekedwa mofanana pa dera lililonse, munthu wa ku Chitipa wakhala akulandira pafupifupi kawiri poyerekeza ndi Mmalawi wamba. Izi n'zoona, ndipo sizidachitike mwangozi. Gawo 76 la malamulo oyendetsera dziko lino limati madera a aphungu akhale ndi ovota ofanana, koma poganiziranso kuthinana kwa anthu, kuphweka kwa mayendedwe ndi maonekedwe a malo. Apa otsutsa akundithandiza osadziwa, pakuti lamulo lalikulu la dziko lidavomereza kale kuti mtunda ndi mapiri n'zoyenera kuwerengedwa. Vuto ndi lakuti CDF ndi ndalama yomangira. Imamanga buloko ya sukulu, mlatho wa matabwa kapena kanyumba ka sikelo, koma sigula dizilo wa ambulansi mwezi ndi mwezi, sikonza njinga yamoto ya mlangizi wa zaulimi, silipira ulendo wa mlangizi wa sukulu woyendera zoni yotalika makilomita 40. Zimenezi zimachokera ku ndalama zoyendetsera ntchito zomwe makhonsolo amalandira kuchokera kuboma, ndipo kumeneko n'kumene mtunda umaluma. Chotsatira chake timachiona m'madera ambiri akutali: chipatala chomangidwa bwino, chopakidwa penti, koma chotseka chifukwa palibe namwino wolola kukhalako, kapena firiji ya katemera idafa ndipo woikonza sangafike. Kuonjezera apo, kudalira malire a madera a aphungu ndi njira yosakhazikika. Malirewo adasinthidwa ndipo pa chisankho cha 2025 madera adakwana 229, ndipo adzasinthidwanso. Thanzi la mayi wa ku Kameme lisadalire mmene bungwe la MEC lajambulira mapu.

Mfundo yachitatu imachokera kwa akatswiri a zachuma, ndipo imamveka yanzeru. Iwo amati ngati kutumikira anthu omwazikana n'kodula, dziko losauka ngati lathu lisathamangitse munthu aliyense kuphiri kwake ndi paipi ndi waya wa magetsi, koma likope anthu kuti asonkhane pa malo ochepa pomwe pali sukulu, chipatala ndi msika. Mbali ina ya mfundoyi ndikuivomereza. Sitingaike sekondale kapena chipinda chochitira opaleshoni m'mudzi uliwonse, ndipo ganizo lokweza malo ngati Nthalire kukhala tauni yaing'ono ya kumudzi lidali labwino. Koma anthu a ku Chitipa sadamwazikane chifukwa cha umbuli. Amakhala pomwe pali munda wawo. Mlimi wa khofi ku Misuku ayenera kukhala pafupi ndi mitengo yake, chifukwa khofi wothyoledwa lero ayenera kufika pa makina osendera tsiku lomwelo, apo ayi amayamba kuwira ndipo mtengo wogulitsira umatsika. Woweta ng'ombe amafuna dambo, wolima nyemba ndi mawere amafuna mtunda wake. Mukamusamutsira pa tauni makilomita 15 kuchokera kumunda, mwachepetsa mtunda wa kuchipatala komwe amapita kanayi pachaka nkutalikitsa mtunda wa kumunda komwe amapita tsiku ndi tsiku. Sitifunika kupita kutali kuti tione mapeto ake. Kutsidya kwa Songwe komweko, pakati pa 1973 ndi 1976, boma la Tanzania lidasamutsa anthu mamiliyoni kuwaika m'midzi ya ujamaa ndi cholinga chomwechi, ndipo ulimi udasokonekera. Tauni ya kumudzi imakoka anthu yokha ikakhala ndi msewu wodutsika chaka chonse, magetsi ndi ogula mbewu. Ndiye ngakhale amene akufuna kuti anthu asonkhane ayenera kuyamba avomereza kuti msewu wa Rumphi, Nyika, Nthalire mpaka Chitipa umalizidwe, pakuti popanda msewuwo Nthalire ndi nyumba zokongola pakati pa matope.

Mfundo yachinayi ndi ya ena amene akangomva dzina la Chitipa amati nkhaniyi ndi tsankho la zigawo, kulira kwa anthu a kumpoto komwe tidazolowera. Mantha awo ndikuwamvetsa, chifukwa mkangano wa kota pa masankhidwe a ophunzira opita ku yunivesite udatisiya ndi mabala. Koma muyezo wa mtunda sudziwa chigawo kapena mtundu wa munthu. Ukaikidwa, boma la Neno kumwera, lomwe lili m'malire ndi Mozambique ndipo lili ndi anthu osafika 100 pa sikweya kilomita, lidzapindula. Nkhotakota pakati adzapindula, madera a Kasungu oyandikana ndi Zambia adzapindula, chimodzimodzi madera a Chikwawa a kwa Chapananga ndi Makanjira m'boma la Mangochi lomwelo. Mzinda wa Mzuzu, ngakhale uli kumpoto, sudzapeza kanthu. Kunena zoona, chomwe chimadyetsa tsankho ndi kusowa kwa muyezo woonekera, chifukwa pamenepo boma lililonse limakhulupirira kuti linzake ladya chifukwa nduna ndi ya kwawo.

Mfundo yachisanu imakhudza malire, ndipo anthu amainena motsitsa mawu. Amati anthu a ku Chitipa chuma chawo chidayang'ana ku Tunduma ndi Isongole m'dziko la Tanzania komanso ku Nakonde m'dziko la Zambia, amagwiritsa ntchito shilingi ya Tanzania ndi kwacha ya Zambia, chimanga ndi nyemba zawo zimatuluka kudzera njira zachidule osalipira msonkho, ndipo zipatala zathu zaulere zimathandiza anthu a maiko ena. Bwanji tiike ndalama zambiri m'thumba lobooka? Zambiri mwa izi n'zoona, koma tiyenera kufunsa chomwe chidayambitsa. Mlimi wa ku Kameme ali pafupi kwambiri ndi Tunduma kuposa Karonga, ndipo Lilongwe ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 700. Wogula amene wafika pakhomo ndi ndalama m'manja mu May ndiye amatenga chimangacho, ndipo ADMARC ikatsegula msika mochedwa kapena yopanda ndalama, mlimi sangadikire. Feteleza wotsika mtengo nayenso amavutika kufika. Lole ya matani 30 imanyamula matumba 600 a makilogalamu 50, koma siingakwere ku Misuku mvula ikayamba. Katunduyo amatsitsidwa nkupakiridwa m'malole aang'ono, maulendo anayi kapena asanu, ndipo kulikonse kumene thumba latsitsidwa pamakhala mtengo woonjezera ndi kuchedwa. Feteleza wobzalira akafika mu January, chimanga chili m'mawondo, ntchito yake yatha kale. Mlimi amene wakumana ndi zotere zaka zitatu amasiya kuyang'ana ku Lilongwe. Kunena za odwala ochokera kutsidya, iwo ndi abale a anthu a kuno, pakuti Alambya, Andali ndi Anyiha ali mbali zonse za malire omwe adajambulidwa ku Ulaya, ndipo nawonso Amalawi amaoloka kukafuna thandizo kutsidya. Chipatala cha m'malire chimalandira mankhwala powerengera anthu a m'kalembera wathu koma chimathandiza opitirira pamenepo, ndiye mankhwala a malungo amatha msanga. Kolera, chikuku, chigodola cha nkhumba ndi matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi a ng'ombe sizionetsa chiphaso pa chipata cha Mbilima. Matenda akagwidwa ku Chitipa, ndiye kuti Mzuzu ndi Lilongwe zatetezeka. Ntchito imeneyi boma la m'malire likugwirira dziko lonse, ndipo n'kulakwa kuilipiritsa ku kagawo kake kakang'ono.

Otsala ndi amene amati ndalama za m'makhonsolo zimabedwa, choncho kuonjezera n'kunenepetsa mbava. Kuba kulipo ndipo malipoti a mkulu wolondoloza ndalama za boma amakuonetsa chaka ndi chaka, koma kulipo m'makhonsolo a anthu ambiri ndi a anthu ochepa omwe. Palibe amene adanenapo kuti Lilongwe achepetseredwe mankhwala chifukwa cha mbava. Ndipo ndalama ya mtunda ndi yosavuta kuilondola kuposa zambiri, chifukwa ambulansi ili ndi buku la maulendo ndi mita yowerenga makilomita, zomwe zingafananizidwe ndi kaundula wa odwala otumizidwa ku Mzuzu.

Tsono zingachitike bwanji? Sitikuyamba chinthu chachilendo. Dziko la Kenya, litakhazikitsa maboma aang'ono 47 potsata malamulo ake a 2010, lidakumana ndi vuto lomweli pa mlingo waukulu. Dera la Marsabit, m'malire ndi Ethiopia, lili ndi malo pafupifupi masikweya kilomita 70,000 koma anthu osafika 500,000. Ndondomeko yawo yoyamba yogawira ndalama idapereka magawo 45 pa 100 potsata chiwerengero cha anthu, 25 mofanana kwa onse, 20 potsata umphawi, 8 potsata kukula kwa malo, ndi 2 potsata kasamalidwe ka ndalama. Onani kuti chiwerengero cha anthu chidakhalabe patsogolo, ndipo gawo la malo ndi laling'ono. Nanenso sindikupempha kuti Chitipa alandire zofanana ndi Mangochi. Ndikupempha kuti gawo laling'ono la ndalama zomwe komiti ya National Local Government Finance Committee imagawa, makamaka zoyendetsera zaumoyo, maphunziro, ulimi ndi misewu ya m'midzi, ligawidwe potsata kuvuta kofikira anthu. Komabe ife tisatengere Kenya poyeza kukula kwa malo chabe. Tikatero, Rumphi ndi Chitipa adzalandira ndalama chifukwa cha Nyika komwe kumakhala mbidzi ndi mphoyo, Kasungu ndi Nkhotakota chifukwa cha nkhalango za nyama, pomwe chilumba cha Likoma, chaching'ono koma chofikika pa sitima kapena ndege basi, sichidzapeza kanthu. Choyenera kuyezedwa ndi nthawi ya ulendo wa anthu enieni.

Zipangizo zoyezera zilipo kale. Kalembera wa 2018 adachitika ndi matabuleti, ndipo ofesi ya kalembera ya NSO ku Zomba ili ndi mapu a timadera tonse towerengera anthu. Unduna wa Zaumoyo uli ndi mndandanda wa zipatala, wa Zamaphunziro uli ndi wa sukulu, ndipo Roads Authority imadziwa msewu wa phula ndi wa fumbi. Pa kadera kalikonse awerengere zinthu zitatu: maola oyenda pansi kukafika kuchipatala chaching'ono chapafupi, maola a galimoto kuchoka pachipatalacho kukafika kuchipatala chachikulu cha pa boma, ndi makilomita ochoka pa boma kukafika kuchipatala chachikulu cha m'chigawo. Maolawo achulukitsidwe ndi chiwerengero cha anthu a m'kaderako, kuti phiri lopanda anthu lisabweretse tambala ndi imodzi yomwe. Pali zinthu ziwiri zomwe zingaononge ntchitoyi. Choyamba ndi kuyeza m'chilimwe. Msewu womwe mu September umatenga maola atatu, mu February umatha kutenga tsiku lonse kapena kutsekeka mlatho ukakokoloka, ndipo February yemweyo ndiye mwezi wa malungo ndi kutsegula m'mimba, choncho muyezo utengedwe m'dzinja. Chachiwiri ndi ndalama kuthera pa boma. Khonsolo ikalandira gawo la mtunda chifukwa cha Nthalire ndi Misuku, koma nkuligwiritsa ntchito pa misonkhano ya pa Chitipa boma, ndiye kuti tangosuntha vuto lija kuchoka ku Lilongwe. Gawolo lilembedwe padera m'bajeti ya khonsolo ndi dzina la chipatala kapena zoni ya sukulu yomwe yalibweretsa, ndipo malita a dizilo a mwezi uliwonse amatidwe pa chitseko cha chipatalacho kuti komiti ya chipatala ndi makomiti a chitukuko a m'madera (ADC) aziona. Muyezowo uziunikidwanso pakatha zaka zisanu, kapena msewu watsopano ukatsegulidwa, chifukwa phula likadzafika ku Nthalire maola a ulendo adzatsika ndipo gawo la Chitipa liyenera kudzatsika nawo, ndalamayo nkupita kwa Makanjira kapena ku Neno komwe ambulansi ikadali kutitimira.